Kalembedwe ka nthawi m'mafayilo a JMeter: chifukwa chake lipoti likukana fayilo yanu

Wowerenga wina amene amagwira ntchito yoyesa mapulogalamu ku Lilongwe walemba kuti: "Pa 3 Epulo 2025 tinayesa ndi JMeter kuti tione ngati seva yathu ingapirire anthu ambiri akalowa nthawi imodzi. Mnzanga anali atasintha kalembedwe ka nthawi pa kompyuta yoyesera, yomwe ili pa cloud, kukhala dd/MM/yyyy HH:mm:ss kuti mabwana athu aziwerenga mosavuta. Nditabweretsa fayiloyo pa laputopu yanga, lipoti la HTML likukana kupangidwa ndipo likunena kuti silingawerenge timeStamp, koma View Results Tree ikuitsegula n'kumaonetsa kuti tinayesa pa 4 Malichi. Kodi JMeter imalola makalembedwe ati, ndipo tisankhe kati?"

Zikomo kwambiri chifukwa cha funso lanu, ndipo mwachita bwino kufotokoza zinthu ziwiri zimene mwaonazo, chifukwa zonsezo zikuchokera pa muzu umodzi. Ndiyambe ndi kukulimbitsani mtima kuti fayilo yanu sinawonongeke ndipo lipoti litheka. Komabe ndikufuna kuti mumvetse bwino zimene zachitika, chifukwa pa zinthu ziwirizo, chimene chiyenera kukudetsani nkhawa kwambiri si lipoti limene lakana, koma chida chimene chavomera fayiloyo mwakachetechete n'kukupatsani tsiku lolakwika.

Pamene JMeter ikulemba zotsatira mu fayilo ya CSV, yomwe ambiri timaipatsa dzina lothera ndi .jtl, danga loyamba la mzere uliwonse limakhala timeStamp, chidindo cha nthawi imene pempholo linachitika, ndipo lachiwiri limakhala elapsed, kutalika kwa nthawi imene pempholo linatenga. Mmene chidindocho chilembedwere zimadalira property imodzi, kutanthauza mzere wa makonzedwe a JMeter, yotchedwa jmeter.save.saveservice.timestamp_format. Property imeneyi imalola zinthu zitatu zokha: mawu akuti ms, mawu akuti none, kapena kalembedwe kalikonse kamene SimpleDateFormat, chida cholembera ndi kuwerengera masiku cha Java (chilankhulo cha mapulogalamu chimene JMeter inalembedwamo), ingakamve. Mukapanda kusintha chilichonse, JMeter imagwiritsa ntchito ms, kutanthauza kuchuluka kwa mamilisekondi amene adutsa kuchokera pakati pa usiku pa 1 Januwale 1970 pa nthawi ya UTC, imene dziko lonse limayerekezerapo mawotchi. Masiku ano imeneyi imakhala nambala ya manambala 13, monga 1700000000000. Mawu akuti none amachititsa kuti chidindo chisalembedwe n'komwe, ndipo fayilo yotero singapange lipoti la HTML. Dziwaninso kuti property imeneyi imakhudza mafayilo a CSV okha. Mukasankha XML, nthawi imalembedwa pa ts m'mamilisekondi nthawi zonse, koma lipoti la HTML limafuna CSV.

Ndiye polemba, JMeter imalola pafupifupi kalembedwe kalikonse, ndipo n'chifukwa chake sinadandaule pamene mnzanuyo anasintha. Vuto limayamba powerenga, chifukwa mkati mwa JMeter muli zida ziwiri zowerengera fayilo, tizitche owerenga awiri, amene satsata njira imodzi, ndipo fayilo ya CSV payokha sinena kuti nthawi yake inalembedwa motani.

Wowerenga woyamba ndi amene amagwira ntchito mukatsegula fayilo mu listener, chida choonetsera zotsatira, monga View Results Tree kapena Aggregate Report. Ameneyu akakhala pa kompyuta imene property ili pa ms, amayamba ndi kuyesa kuwerenga chidindocho ngati nambala, ndipo akalephera, amayesa makalembedwe asanu motsatizana: yyyy/MM/dd HH:mm:ss.SSS, kenako yyyy/MM/dd HH:mm:ss, kenako yyyy-MM-dd HH:mm:ss.SSS, kenako yyyy-MM-dd HH:mm:ss, ndipo pomaliza MM/dd/yy HH:mm:ss. Kachisanuka kanasungidwa pofuna kuti mafayilo a JMeter yakale azitsegukabe, ndipo eni ake a JMeter salimbikitsa kukagwiritsa ntchito. Tsopano onani zimene zachitikira mzere wanu wa 03/04/2025 10:15:20. Makalembedwe awiri oyamba alephera chifukwa palibe mwezi wokhala ndi tsiku la 2025, awiri otsatira alephera chifukwa akuyembekezera timizere togona, koma kachisanu kavomera, kenako katenga 03 ngati mwezi ndi 04 ngati tsiku monga amalembera ku America. Apa ndi pamene 3 Epulo wasanduka 4 Malichi. Mukanayesa pa 15 Epulo, kalembedwe kameneka kakanalephera popeza kulibe mwezi wa 15, ndipo mukanaona vutolo nthawi yomweyo. Choncho cholakwikachi chimabisala pa masiku 12 oyambirira a mwezi, ndipo munthu angathe kutumiza zotsatira kwa mabwana ake osadziwa kuti tsiku lasintha.

Wowerenga wachiwiri ndi amene amapanga lipoti la HTML, limene linayamba mu JMeter 3.0 mu 2016. Ameneyu saganizira yekha ayi. Amayang'ana property ija pa kompyuta imene lipoti likupangidwira, ndipo amakhulupirira zimene yanena. Laputopu yanu ikadali pa ms, choncho akuyembekezera nambala, koma akupeza tsiku lokhala ndi timizere, ndiye waima. Ine ndimaona kuti khalidwe limeneli ndi labwino kuposa la woyamba uja, chifukwa wakuuzani poyera kuti sakudziwa tanthauzo la zimene akuwerenga.

Kuti lipoti lanu lipangidwe, muuzeni kalembedwe kamene kanagwiritsidwa ntchito polemba. Simufunika kusintha fayilo iliyonse. Lembani lamulo ili:

jmeter -g zotsatira.jtl -o lipoti -Jjmeter.save.saveservice.timestamp_format="dd/MM/yyyy HH:mm:ss"

Foda imene mwatchula pambuyo pa -o iyenera kukhala yopanda kanthu kapena yoti sinapangidwe, apo ayi JMeter ikana. Koma musanasangalale ndi lipoti limene lituluke, pali nkhani ina imene kalembedwe ka mnzanuyo kanataya, ndipo ndi nkhani ya chigawo cha nthawi.

Nambala ya mamilisekondi imatanthauza mphindi imodzimodzi padziko lonse, kaya muiwerengere ku Blantyre kaya ku London. Mwachitsanzo, 1700000000000 ndi 22:13:20 pa 14 Novembala 2023 pa UTC, pamene kuno ku Malawi, komwe tili patsogolo ndi maola awiri, ndi 00:13:20 pa 15 Novembala. Tsiku lasiyana, koma mphindi yake ndi yomweyo, ndipo palibe chimene chatayika. Mawu akuti 03/04/2025 10:15:20 alibe mphamvu imeneyo, chifukwa sanena kuti ndi 10 koloko ya kuti. Java imalemba mawuwo potengera chigawo cha nthawi cha kompyuta imene ikulemba, ndipo imawawerenga potengera chigawo cha kompyuta imene ikuwerenga. Makompyuta ambiri a pa cloud amakhala pa UTC, pamene laputopu yanu mwachionekere ili pa nthawi ya Africa/Blantyre. Ngati zili choncho, lipoti lanu lidzaonetsa kuti munayamba 10:15 pamene wotchi ya mu ofesi yanu inkati 12:15, ndipo mukapita kukafufuza mu log ya seva kapena ya database kuti muone chimene chinkachitika pamene mayankho anachedwa, mudzakhala mukuyang'ana pa ola lolakwika. Fufuzani kaye chigawo cha kompyuta yoyeserayo. Popanga lipoti, uzani Java chigawo chimenecho kudzera pa JVM_ARGS, malo amene JMeter imatengapo malangizo opita kwa Java, polemba -Duser.timezone=UTC ngati ndi chimene mwapeza, kuti mawu aja awerengedwe monga analembedwera, koma dziwani kuti lipoti lidzaonetsabe nthawi pa chigawo chimenecho.

Ife kuno sitisintha mawotchi pakati pa chaka, choncho ambiri a ife sitiganizira za vuto limene anzathu a ku Ulaya amalidziwa bwino. Ku London mawotchi amabwezedwa m'mbuyo ndi ola limodzi Lamlungu lomaliza la Okutobala, moti ola la pakati pa 01:00 ndi 02:00 limachitika kawiri. Ngati kompyuta yoyesera ili pa nthawi ya Europe/London ndipo mukuyesa usiku wonse kuti muone ngati seva itope, fayilo yolembedwa ndi mawu opanda chigawo idzakhala ndi mapempho a maola awiri ataunjikana pa ola limodzi, ndipo girafu idzaonetsa ngati seva inasenza katundu wowirikiza kawiri. Fayilo ya ms siikhudzidwa ndi zimenezi ngakhale pang'ono.

Chinthu chachitatu chimene chinatayika, ndipo chimenechi sichingabwezedwe, ndi mamilisekondi enieniwo. Kalembedwe ka mnzanuyo kakuthera pa masekondi, choncho mapempho onse amene anayamba mkati mwa sekondi imodzi ali ndi chidindo chofanana. Ndinene mwachilungamo kuti kuwonongekaku kuli ndi malire. Nthawi ya mayankho, kuphatikizapo avereji ndi ma percentile, imachokera pa danga la elapsed, lomwe limakhala m'mamilisekondi nthawi zonse, choncho manambala amenewo ndi olondola. Magirafu a lipoti amasonkhanitsa zotsatira m'magulu a mamilisekondi 60000, mphindi imodzi, pokhapokha mutasintha jmeter.reportgenerator.overall_granularity, ndipo pa mulingo umenewo kusowa kwa kagawo ka sekondi sikuoneka kwenikweni. Zolemba za JMeter zenizenizo zimavomereza yyyy/MM/dd HH:mm:ss ngati kalembedwe koyenera lipoti. Kumene mudzamve kupweteka ndi pofufuza vuto. Seva ikaima kwa mamilisekondi 400 chifukwa Java ikuyeretsa memory, kapena database ikatsekereza tebulo kwa kanthawi kochepa, mumafuna kudziwa kuti ndi mapempho ati amene anali m'njira pa nthawi yeniyeniyo, ndiponso kuti ndi liti limene linayamba lisanafike linzake. Pa mapempho 300 pa sekondi, mizere 300 yokhala ndi chidindo chimodzi singakuuzeni zimenezo. Munthu akachotsanso masekondi n'kusiya HH:mm yokha, ndiye kuti ngakhale throughput, kuchuluka kwa mapempho pa sekondi, yasokonekera, popeza imawerengedwa pogawa chiwerengero cha mapempho ndi nthawi yochokera pa chiyambi cha pempho loyamba kufika pa mapeto a lomaliza, ndipo pa mayeso a mphindi 10, kuphonya ndi mphindi imodzi ndi kuphonya ndi gawo limodzi mwa magawo 10.

Apa ndiyankhe mbali yachiwiri ya funso lanu mosabisa. Siyani property imeneyi pa ms. Fayilo ya .jtl ndi umboni wa zimene zinachitika, ndipo amene amaiwerenga ndi mapulogalamu, pamene mabwana anu amawerenga lipoti, lomwe limaonetsa kale tsiku ndi ola m'mawu omveka. Cholinga cha mnzanuyo chinali chabwino, koma anakonzera pamalo polakwika. Kuchokera pa ms mungapange kalembedwe kalikonse kamene munthu akufuna, pa chigawo chilichonse, nthawi iliyonse; kuchokera pa dd/MM/yyyy HH:mm:ss simungabwerere pa ms wathunthu.

Ngati pali chifukwa chenicheni chokukakamizani kulemba mawu, mwachitsanzo pulogalamu ina imene imalandira zotsatira zanu siimva nambala, sankhani yyyy-MM-dd HH:mm:ss.SSS kapena mnzake wa timizere topendama, yyyy/MM/dd HH:mm:ss.SSS, popeza onsewa amayamba ndi chaka, amasunga mamilisekondi, amasanjika bwino, ndipo listener imawazindikira yokha. Pamenepo ikani makompyuta onse pa UTC. Kalembedwe kamene kamasunga zonse ndi ka ISO 8601 kokhala ndi chigawo, kamene mu Java kamalembedwa yyyy-MM-dd'T'HH:mm:ss.SSSXXX ndipo kamatulutsa mawu ngati 2025-04-03T12:15:20.431+02:00. Kameneka kalibe pa mndandanda wa asanu aja, choncho property iyenera kukhala yofanana pa kompyuta yolemba ndi yowerenga. Ikani zimenezi mu user.properties, osati mu jmeter.properties, ndipo sungani fayiloyo pamodzi ndi .jmx yanu, fayilo ya dongosolo la mayeso, kuti aliyense pa timu yanu agwiritse ntchito makonzedwe amodzi.

Mukamalemba kalembedwe nokha, samalani kwambiri ndi zilembo zazikulu ndi zazing'ono, chifukwa Java siikuchenjezani mukasokoneza. MM ndi mwezi pamene mm ndi mphindi. HH ndi ola la 0 mpaka 23 pamene hh ndi la 1 mpaka 12, moti mukalemba hh popanda chizindikiro cha m'mawa kapena madzulo, 2 koloko masana ndi 2 koloko usiku zimaoneka chimodzimodzi. dd ndi tsiku la m'mwezi pamene DD ndi tsiku la m'chaka. Msampha umene umagwira ngakhale anthu ozolowera ntchitoyi ndi YYYY, amene si chaka cha pa kalendala koma chaka cha sabata: amagwira ntchito bwino pafupifupi chaka chonse, koma pa 30 ndi 31 Disembala 2024 amalemba 2025, chifukwa masiku amenewo ali m'sabata yoyamba ya chaka chatsopano. Pewaninso MMM, amene amalemba dzina la mwezi m'chilankhulo cha kompyuta, chifukwa kompyuta ya chilankhulo china ingalephere kuliwerenga.

Ndikudziwa kuti chimene chimachititsa anthu ambiri kuthawa ms ndi Excel, ndipo ndimawamvetsa. Mukatsegula fayilo ya .jtl mu Excel, nambala ya manambala 13 imaoneka ngati 1.7E+12, ndipo mukasunga fayiloyo ngati CSV pamwamba pa yoyamba, Excel imalemba zimene zikuonekazo, kotero zidindo zonse zimafafanizika kotheratu. Ndinaonapo zotsatira za mayeso a usiku wonse zitatayika mwanjira imeneyi, ndipo panalibe njira ina koma kuyesanso. Choncho nthawi zonse tsegulani kope, ndipo musakhudze fayilo yoyambayo. Kuti muone tsiku mu kopelo, lembani =A2/86400000+25569 m'danga latsopano n'kulipatsa kaonekedwe ka tsiku ndi ola. Nambala ya 86400000 ndi mamilisekondi a tsiku limodzi, ndipo 25569 ndi nambala imene Excel imapatsa 1 Januwale 1970. Zotsatira zake zimakhala za UTC, choncho onjezerani 2/24 kuti mupeze nthawi ya kuno.

Pali mfundo ina imene anthu sakonda kuifunsa: kodi chidindocho ndi cha pamene pempho linayamba kapena pamene linatha? Zimenezi zimadalira sampleresult.timestamp.start, ndipo mu jmeter.properties imene imabwera ndi JMeter property imeneyi ili pa true, kutanthauza chiyambi. Nthawi yothera mumaipeza powonkhetsa timeStamp ndi elapsed. Izi n'zofunika poyerekezera ndi log ya seva, chifukwa seva ya Nginx imalemba nthawi imene yamaliza kuyankha, pamene seva ya Apache httpd imalemba nthawi imene inalandira pempho. Pempho limene latenga masekondi 30 lidzaoneka pa malo osiyana ndi theka la mphindi, ndipo munthu wosadziwa angaganize kuti mawotchi ndi amene asokonekera.

Koma mawotchi nawonso amasokonekeradi, makamaka mukamayesa ndi makompyuta angapo nthawi imodzi. Kompyuta iliyonse yotumiza mapempho imadinda nthawi ndi wotchi yake, kenako zotsatira zimasonkhanitsidwa mu fayilo imodzi. Wotchi ya imodzi ikakhala patsogolo ndi masekondi 40, kalembedwe kalikonse kamene mungasankhe sikadzakonza zimenezo, ndipo girafu ya ogwiritsa ntchito idzaonetsa masitepe amene kunalibe. Onetsetsani kuti makompyuta onse, pamodzi ndi maseva amene mukuwayesa, akulunzanitsa nthawi kudzera pa NTP musanayambe.

Tsiku lina mungafune kuphatikiza zotsatira za JMeter ndi za zida zina, ndipo pamenepo chofunika ndi kuwerenga kuchuluka kwa manambala. Manambala 10 ndi masekondi, 13 ndi mamilisekondi, 16 ndi mamaikirosekondi, ndipo 19 ndi mananosekondi. Pa zida zina zoyesera, Locust imalemba masekondi mu fayilo yake ya mbiri ya ziwerengero, k6 imalembanso masekondi mu CSV pokhapokha mutaiuza zina, pamene mu JSON imalemba tsiku ndi ola m'mawu okhala ndi chigawo, m'kalembedwe ka RFC 3339. Database ya InfluxDB, ikapanda kuuzidwa, imatenga nambala iliyonse ngati mananosekondi. Mukapatsa JMeter nambala ya masekondi ngati 1700000000, siidzakana, popeza ndi nambala ndithu, koma idzaiwerenga ngati mamilisekondi n'kukuuzani kuti munayesa pa 20 Januwale 1970. Lipoti lonena za Januwale 1970 nthawi zambiri limasonyeza kuti nambala inafunika kuchulukitsidwa ndi 1000.

Musasokonezenso property yathu ija ndi ina yofanana nayo dzina, jmeter.reportgenerator.date_format. Imeneyi siikhudza kuwerenga kwa danga la timeStamp. Imangonena mmene mwalembera start_date ndi end_date pamene mukufuna kuti lipoti litenge gawo lokha la mayeso, mwachitsanzo kusiya mphindi zoyambirira pamene ogwiritsa ntchito anali akuchuluka pang'onopang'ono. Kalembedwe kake mukapanda kusintha ndi yyyyMMddHHmmss. Anthu ena akaona lipoti lakana amasintha imeneyi, kenako amadabwa kuti uthenga wa cholakwika sunasinthe.

Pa fayilo ya pa 3 Epulo imene muli nayoyi, sungani kope pamalo otetezeka, funsani mnzanuyo kapena yang'anani nokha chigawo cha nthawi cha kompyuta yoyesera, kenako pangani lipoti ndi lamulo lija pamodzi ndi chigawocho. Lipoti likatuluka, yerekezerani Start Time imene ili pamwamba pake ndi mzere woyamba wa mayesowo mu log ya seva yanu. Zikasiyana ndi maola awiri enieni, ndiye kuti lipoti ndi log zili pa zigawo zosiyana, ndipo zikasiyana ndi masekondi ochepa, ndiye kuti ndi mawotchi. Potumiza lipotilo kwa mabwana anu, lembanimo kuti nthawi zake zili pa chigawo chiti ndiponso kuti zidindo zake zikuthera pa masekondi, kuti wina akadzaliyerekezera ndi mayeso otsatira asadzadabwe. Mukatero, chotsani mzere umene mnzanuyo anawonjezera pa kompyuta ya pa cloud ija musanayesenso.